Kuimba nyimbo za ku Mexico ndi pakamwa pokha: malangizo kwa makwaya a ku Salima

Kwaya ya kwathu ikalandira nyimbo yachilendo, chizolowezi chake n'kuikhazika ngati sumu ya m'tchalitchi: soprano pamwamba, alto, tena, besi pansi, onse kutchula liwu limodzi pa nthawi imodzi. Nyimbo ya ku Mexico mukaitero imafa. Manoti onse akhoza kukhala olondola, koma palibe womvera amene angagwedeze phazi. Chifukwa chake n'chakuti nyimbo zambiri za kumeneko zinakulira pa zida, ndipo chida chilichonse chili ndi ntchito yakeyake. Mukachotsa zidazo ntchito zija zimatsala, ndiye pafunika anthu oti azisenze ndi pakamwa.

Yambani ndi kumvetsera gulu la mariachi, loimba nyimbo zochokera kuzambwe kwa Mexico, makamaka dera la Jalisco komwe kuli mzinda wa Guadalajara. UNESCO inaika mariachi pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa mu 2011. Poyamba musatengeke ndi woimbayo. Tcherani khutu pansi. Mumva guitarrón, gitala lalikulu lamimba la zingwe zisanu ndi chimodzi, likugunda noti imodziimodzi. Pamwamba pake pali vihuela, kagitala ka zingwe zisanu kolira mokhadzula, kamene kamadzaza mipata imene guitarrón yasiya. Mavayolini ndi malipenga amalowa woimba akapuma, n'kumuyankha. Malipengawo analowa m'gululi mochedwa, cha m'ma 1930 ndi 1940, koma lero ndiwo anthu amazindikirira mariachi.

Kugawana ntchito

Tiyerekeze kuti muli anthu 12, atatu pa liwu lililonse. Mabesi ndiwo guitarrón. Maalto ndi matena ndiwo vihuela. Masoprano awiri atenge nyimbo yeniyeniyo, wachitatu pamodzi ndi tena mmodzi wa mawu owala akhale malipenga, ndipo pamene malipenga ali chete awiriwa azibwerera kukathandiza anzawo. Mukachepera 8 zimavuta chifukwa wina akapuma mzere wake umaduka. Mukapitirira 20 kugunda kumalemera ngati ngolo yodzaza mchenga, ndiye ndi bwino kusankha kagulu m'kwayamo kusiyana ndi kuimbitsa onse.

Nyimbo yoyambira ikhale ya kugunda kutatu, imene iwo amati ranchera valseada. Besi amagunda pa 1, maalto ndi matena pa 2 ndi 3. Pa solofa imene makwaya athu amaidziwa kale, zimakhala chonchi. Pa kodi (manoti omveka pamodzi) ya d, besi aimba d m'bala yoyamba (bala ndi chigawo chimodzi cha kugunda 1, 2, 3), s yapansi m'bala yachiwiri, n'kumasinthasintha choncho. Alto ali pa m, tena ali pa d. Pa kodi ya s, besi asinthasintha r ndi s yapansi. Alto akwera pang'ono kufika pa f, tena atsika pang'ono kufika pa t yapansi. Pa kodi ya f, besi aimba f ndi d, alto akhala pa f, tena apita pa l yapansi. Onani kuti alto akungoyenda pakati pa m ndi f basi. Musamuwonjezere zokometsera. Kukoma kwa mzere umenewu kuli pa kugunda, manoti ake angakhale ochepa chotani.

Besi anene "dum", ndipo atseke milomo msanga kuti chilembo m cha kumapeto ndicho chilire, monga chingwe chimalirira chikakodoledwa n'kusiyidwa. Akatsegula pakamwa n'kukoka "duuu" mpaka pa 3, wabwerera ku sumu. Apakati anene "cha cha" mwachidule, ngati mpeni ukugunda pa thabwa. Cholakwika chimene chimabuka kawirikawiri n'chakuti apakati amathamangira "cha" wachiwiri, nyimbo n'kumanka ithamanga bala iliyonse mpaka masoprano kusowa popumira. Mankhwala ake ndi awa: apakati aponde phazi pansi pa 1, pamene iwo ali chete. Munthu amene waponda 1 ndi thupi lake sathamangira 2. Tsegulani metironomu ya pa foni, yowerengera liwiro la kugunda, pa 100, muimbe mabala 16 opanda masoprano, kenako muzikweza ndi 10 mpaka cha pa 160. Tsiku loyamba musapitirire 120.

Za malipenga, ife a m'mbali mwa nyanja sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa ndi munthu. Amene anaonerapo mganda kapena malipenga akudziwa mmene amuna amaimbira m'zikho mawu n'kutuluka ngati a bandi ya asilikali. Luso ndi lomwelo, kungoti chikho palibe. Milomo ikhale yothina, mawu apite kutsogolo cha kumphuno, "pa-ra-pa-pa", awiriwo atalikirane manoti atatu. Ayankhe pamene woimba wagwira noti yaitali kapena wapuma, osati pamene akutchula mawu. Lipenga lolira pamwamba pa mawu a nyimbo limakwirira uthenga.

Primera ndi segunda

Anthu a ku Mexico akamaimba awiri, wina amatenga nyimbo, amene amati primera, mnzake n'kumutsatira mmunsi motalikirana manoti atatu kapena asanu ndi limodzi, amene amati segunda. Kumveka kumeneku ndiko kumapatsa nyimbo fungo la kwawo, ndipo khutu lathu silikuona chachilendo chifukwa amayi akamaimba pa chinkhoswe amagwirizana mawu mofananako. Primera akaimba m, segunda ali pa d. Primera pa f, segunda pa r. Primera pa r, segunda pa t yapansi. Msampha uli pamathero. Primera akafika pa d, segunda wongotsatira mwachizolowezi amagwera pa l yapansi, kodi n'kusanduka yachisoni pamene besi ali pa d. Pamenepo segunda adumphire pa m yapansi. Lembani chizindikiro pa pepala lake paliponse pamene primera wathera pa d, chifukwa khutu lokha limamunyenga.

Vesi ikhale ya munthu mmodzi kapena awiriwa. Kolasi ndiye pamene onse angasiye "cha cha" n'kutchula mawu pamodzi kwa mabala anayi kapena asanu ndi atatu, besi yekha akusungabe kugunda. Kusiyana kumeneko, kuchoka pa awiri kufika pa onse, ndiko kumadzutsa anthu pa mipando.

Usipa ndi chambo

Nyimbo zamtundu wa son, monga son jalisciense wa mariachi ndi huapango, zili ndi kayendedwe kamene amati sesquiáltera. Bala imakhala ndi timagunda 6, koma nthawi ina timagawidwa patatu-patatu, nthawi ina pawiri-pawiri-pawiri, ndipo nthawi zambiri magawidwe awiriwa amamveka pamodzi. Pa pepala zimaoneka zoopsa, 6/8 ndi 3/4 kusinthanasinthana, koma manja athu amazichita kale pa magule.

Gawani kwaya pawiri. Mbali imodzi inene "u-si-pa u-si-pa", kuomba m'manja pa "u" aliyense: kuomba kuwiri. Mbali inayo inene "cha-mbo cha-mbo cha-mbo", kuomba pa "cha" aliyense: kuomba kutatu. Maphatikizo onse akhale ofanana kutalika, osakoka "si" monga timachitira polankhula. Mbali ziwirizi zimakumana pa kuomba koyamba kokha. Zikakhazikika, sinthanani. Kenako aliyense payekha anene bala imodzi ya usipa, yotsatira ya chambo, osasintha liwiro. Pomaliza, dzanja lamanja pa ntchafu ligunde chambo pamene lamanzere likugunda usipa. Patulani mphindi 10 pa pulakatisi iliyonse kwa milungu itatu musanakhudze nyimbo ya son ngakhale imodzi. Kwaya yodumpha masewerawa imawongola nyimbo yonse kukhala ya kugunda kutatu, ndipo chimene chimavinitsa son chimatayika.

Katchulidwe ka Chisipanishi

Pano tikhalitsapo, chifukwa ndi pamene Mchewa ali ndi mwayi waukulu komanso mbuna zakezake.

Mwayi ndi uwu: Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu, a e i o u, omveka ngati athu. Amene amavutika nawo ndi olankhula Chingerezi, ife ayi. Zilembo p, t, k zimatchulidwa mopanda mpweya, ngati m'mawu akuti "pita" ndi "kula", osati ngati ph, th, kh. Chilembo ñ ndi ny wa "nyumba", ndipo musachiphonye: año ndi chaka, koma mukachotsa kanyanga kali pamwambako limasanduka liwu lochititsa manyazi. Ch ndi wa "chimanga". Ll ndi y amamveka ngati y wa "yala". Ku Mexico z, komanso c wotsatidwa ndi e kapena i, ndi s wamba: cielo, kutanthauza thambo, ndi "syelo". Qu ndi k. H salira konse. J ndi h wokhakhala wochokera kukhosi. B ndi v ndi chilembo chimodzi m'kamwa, ndipo zikakhala pakati pa mavawelo zimafewa kukhala ngati ŵ uja wa "Malaŵi" amene akuluakulu amamutchulabe, milomo kuyandikana osagundana. La vida, moyo, imamveka "laŵida".

Mbuna yoyamba ndi l ndi r. Kwa ife "kulira" ndi "kulila" ndi liwu limodzi, palibe amene angakufunseni. Kwa iwo pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Mar ndi nyanja, mal ndi choipa. Woimba amene wasokoneza izi akhoza kuimbira omvera za galu pamene nyimbo ikunena zina. Phunzitsani motere. Pa l, nsonga ya lilime ikanirire kuseri kwa mano akumtunda ndipo ikhale pompo, mpweya udutse m'mbali. Munthu athe kukoka "llll" kwa masekondi atatu. Pa r mmodzi, lilime ligunde kamodzi n'kuthawa, sangakokedwe. Pa rr, komanso r woyamba liwu, lilime linjenjemere. Amene zikumukanika ayambe ndi "drrr", kutsanzira njinga yamoto ya kabaza ikunyamuka pa Kamuzu Road, kenako achotse d. Tengani pepala la mawu a nyimbo, l aliyense mumuzunguze ndi cholembera chofiira, r ndi chobiriwira, ndipo kwaya iwerenge mokweza pang'onopang'ono isanaimbe.

Mbuna yachiwiri: mawu athu onse amathera pa vawelo, ndiye pakamwa pamafuna kuwonjezera ina pamene palibe. Cantar, kuimba, imasanduka "kantara". Amor, chikondi, imasanduka "amoro". Sol ndi dzuwa, koma mukawonjezera o mwanena solo, "yekha". Vawelo yowonjezerayo imabweretsanso noti imene m'nyimbo mulibe, kugunda n'kusokonekera. Poimba, kokani vawelo mpaka kumapeto kwa noti, ikani chilembo chomalizacho pa kanthawi kotsiriza, ndipo dulani mpweya lilime lisanachoke pamene lili. Onse adule pamodzi, poyang'ana dzanja la wotsogolera, apo ayi s wa anthu 12 amamveka ngati tayala likuphwa.

Yachitatu ndi yobisika. M'Chichewa n akakumana ndi t timatulutsa mpweya, "kanthu", "munthu", ndipo m ndi p amapanga "mph". Choncho cantar imatuluka "kanthar", campo imatuluka "kampho". Ikani chikhatho patsogolo pa milomo: pasamveke mpweya. Gawaninso liwulo monga eni ake amachitira, "kan-tar", n akhale kumapeto kwa phatikizo loyamba, osati "ka-ntar".

Kulemera kwa liwu nakonso. Ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi pa mawu othera pa vawelo, pa n kapena pa s. Mawu othera pa zilembo zina amalemera kumapeto, ndipo kachizindikiro kokhala pamwamba pa vawelo kamaposa malamulo onsewa: corazón, mtima, imalemera pa "son". Papa ndi mbatatesi, papá ndi bambo.

Chotsiriza, mavawelo a mawu awiri oyandikana amalumikizana kukhala phatikizo limodzi pa noti imodzi. Mi alma, mzimu wanga, ndi "myal-ma". Mukapeza kuti maphatikizo achuluka kuposa manoti, musawonjezere noti. Funani pamene mavawelo akumana.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa kumva eni ake. Tsitsani nyimbo imodzi pa foni, yoimbidwa ndi anthu a ku Mexico, muitumize pa gulu la WhatsApp la kwaya, ndipo pezani tanthauzo la mzere uliwonse musanayambe. Munthu woimba mawu amene sakuwadziwa nkhope yake imaonekeratu.

Nyimbo zoyambira

Cielito Lindo, imene Quirino Mendoza y Cortés anapeka mu 1882, ndiyo khomo labwino. Ndi ya kugunda kutatu, makodi ake ndi ochepa, ndipo kolasi yake omvera amaigwira ulendo woyamba. Kiyi ya C imakhala bwino kwa masoprano ambiri. Akamakuwa pa manoti apamwamba a kolasi, tsikirani ku B♭. Mu C, f yapansi imazama kwambiri kwa mabesi achinyamata, ndiye aimbe f yapamwamba.

Las Mañanitas ndi nyimbo imene amaimbira munthu pa tsiku lake lobadwa, nthawi zambiri m'mamawa, ndipo pa 12 Disembala amaiimbiranso Maria Virigo wa ku Guadalupe. Kwaya imene ikufuna kumaitanidwa pa maphwando a m'malo ogona alendo ku Senga Bay iphunzire imeneyi msanga. Makwaya a mpingo ayang'anenso nyimbo ya Las Posadas, mwambo wa pa 16 mpaka 24 Disembala: gulu lina limaima panja kuimira Yosefe ndi Maria opempha malo, lina lili m'nyumba kuwakaniza, mpaka chitseko chitsegulidwa. Iimbeni momwemo, theka la kwaya kunja kwa chitseko cha tchalitchi.

La Llorona, ya ku Oaxaca, ndi yachisoni ndipo imakhazikika pa l osati pa d. Imamveka kwambiri pa masiku okumbukira akufa, pa 1 ndi 2 Novembala. Makodi ake ndi l d m, r f l, ndi m se t (se ndi s wokwezedwa theka la sitepe), ndipo pali pamene besi amatsika masitepe l, s, f, m. Mupatse alto wa mawu okhwima kuti atsogolere, apakati asiye "cha" atenge "nu" kapena "lu" wofewa, liwiro cha pa 100. Kiyi isankhidwe poyesa wotsogolerayo: aimbe noti yapamwamba kwambiri ndi yapansi kwambiri ya nyimboyo mosakakamiza, ena onse atsatire pamenepo.

La Bamba ndi son jarocho wa ku Veracruz, kugombe la nyanja, ndipo dziko lonse linaidziwa woimba wa ku America Ritchie Valens ataijambula mu 1958. Makodi ndi atatu, d, f, s, kuzungulira osaleka, ndipo iyi ilibe vuto la usipa ndi chambo chifukwa imayenda pawiri. Kwawo son jarocho amaimba pa phwando lotchedwa fandango, anthu atazungulira tarima, nsanja yamatabwa imene ovina amaigunda ndi zidendene, wina akuyambitsa vesi ena n'kumavomera, monga asodzi amachitira pokoka khoka. Tarima mutha kuipanga ndi chitseko chakale cholimba, chogonekedwa pa timitengo tinayi kuti pansi pakhale mphako. Ovina awiri ovala nsapato za chidendene cholimba akwanira. Ngati ndi pa mpikisano, funsani kaye ngati malamulo akulola mapazi ndi manja.

Bolero, monga Bésame Mucho ya Consuelo Velázquez, isiyeni kumapeto. Imaoneka yophweka chifukwa ndi yodekha, koma makodi ake ndi othinana ndipo cholakwa chilichonse chimamveka. Besi amagunda pa 1, 3 ndi 4. Mverani magulu a anthu atatu monga Los Panchos, amene anayamba mu 1944 ku New York, kuti mumve mmene mawu atatu amayandikirana.

Canto cardenche

Zonse tafotokozazi ndi kubwereka ntchito za zida. Koma Mexico ali ndi kaimbidwe kake kamene sikanakhalepo ndi chida chilichonse, ndipo kwaya ya ku Salima, dera la thonje, iyenera kukadziwa. Canto cardenche inabadwira pakati pa anthu aganyu a m'minda ikuluikulu ya thonje ku La Laguna, kumpoto kwa dzikolo, anthu osauka amene sakanatha kugula gitala. Dzinali likuchokera ku chomera chaminga chotchedwa cardenche, chimene munga wake umapweteka polowa koma umapweteka koposa pouzula. Lero kaimbidweka katsala makamaka m'mudzi wa Sapioriz ku Durango, ndipo oimba a kumeneko analandira mphotho yaikulu ya dziko lawo mu 2008.

Mawu ndi atatu, munthu mmodzi pa liwu lililonse. Primera amanyamula nyimbo. Arrastre, kutanthauza kukoka pansi, ndi liwu lakuya limene limakwawa mmunsi. Contralta ndi liwu lokwera, lothina, limene limalira pamwamba ngati likufuna kuduka. Palibe kugunda koti muwerenge. Primera amayamba yekha, enawo amalowa mochedwerako pang'ono, mzere umatha, pamakhala chete wautali, kenako wina. Cheteyo ndi mbali ya nyimbo, ndipo kwaya yozolowera dzanja la wotsogolera imamuopa n'kumudzaza msanga.

Poyesa, sankhani anthu atatu, aime moyandikana mapewa kukhudzana, wotsogolera akhale pansi. Apume pamodzi poyang'anana. Musawasalaze mawu kuti amveke ngati a pa wailesi: kukhakhala kwa mawu a munthu amene wagwira khasu tsiku lonse ndiko kukoma kwake. Amene anamvapo amuna atatu akuimba pa siwa usiku wa manda, moto ukuzilala, adziwa kamvekedwe kamene tikunena. Nyimbo imodzi yotere pakati pa pulogalamu, itatha ina yaphokoso, imakhazika bwalo lonse chete.

Kiyi ikamatsika

Popanda chida chokugwirani, kwaya imayamba mu C n'kukathera mu B osadziwa. Yesani nthawi zonse: lizani d pa foni poyamba, muimbe nyimbo yonse, mulizenso pomaliza. Mukatsika, funani wolakwa ndi chifukwa chake, osangokalipira onse.

Kawirikawiri ndi besi, chifukwa "dum" wachidule sapatsa munthu nthawi yokonza noti, ndipo podumpha kuchoka pa d kupita pa s yapansi amapitirira pang'ono ulendo uliwonse. Aimbe mzere wake wonse pa "du" wautali kaye mpaka manoti akhazikike, kenako afupikitse. Mu La Llorona, masitepe otsika aja ndiwo amagwetsa kwaya: potsika, masitepe akhale aang'ono m'maganizo, pokwera akhale aakulu, ndipo se akhale pafupi kwambiri ndi l, chifukwa oimba osazolowera amamuimba ngati s wamba. Apakati amatsika akatopa ndi kubwereza noti imodzi mabala 30. Apume mosinthana, mmodzi asiye bala imodzi anzake akupitiriza, osadikira kuti mpweya uthere. Nyimbo ikamatsikabe mu kiyi ina, ikwezeni theka la sitepe. Nthawi zambiri zimatheka chifukwa oimba amachoka pa malo amene mawu awo amasinthira kuchoka pachifuwa kupita kumutu.

Nyengo nayo imalowererapo. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno kumaumitsa kukhosi, ndipo kwaya yoimba masana pansi pa malata imatsika ndithu. Pulakatisi iyambe dzuwa litapendeka, aliyense ndi botolo lake la madzi, osati ozizira kwambiri. Miyezi ya mwera, Juni ndi Julayi, imabwera ndi chimfine ndi fumbi. Wa zilonda zakukhosi akhale pansi amvetsere, asakakamize.

Grito ndi mfuu imene oimba ndi omvera a ku Mexico amaponya pakati pa nyimbo, yokwera, yoyamba ngati kulira n'kuthera ngati kuseka. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya nthungululu. Musankhe munthu mmodzi kapena awiri, muwauze bala yeniyeni yoponyera, makamaka pamene malipenga akuyankha kapena kolasi isanayambe. Ichokere m'mutu ndi mpweya wa pamimba, osati kukanda kukhosi, apo ayi munthuyo sadzamaliza pulogalamu. Woponya grito asakhale amene akulowa ndi nyimbo bala yotsatira, chifukwa amataya noti yake. Ndipo ngati amayi a m'gulu la omvera ayankha ndi nthungululu, asiyeni, zimagwirizana.

Milungu isanu ndi itatu

Kukumana kawiri pa mlungu, mphindi 90, n'kokwanira nyimbo zitatu. Milungu iwiri yoyamba ikhale ya kugunda ndi kuwerenga mawu, osaimba nyimbo yonse. Wachitatu ndi wachinayi, Cielito Lindo mzere ndi mzere: besi ndi apakati kaye, primera ndi segunda paokha pansi pa mtengo panja, kenako kuphatikiza. Wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi, La Llorona ndi La Bamba. Milungu iwiri yotsiriza mapepala pansi, kwaya iimirire monga idzaimire pa tsikulo. Jambulani pa foni kamodzi pa mlungu, foniyo ili masitepe asanu kutsogolo, mumvetsere limodzi. Oimba amakana kuti akuwonjezera mavawelo mpaka atadzimva okha.

Ngati mukufuna kujambula kuti mugulitse kapena kuika pa YouTube, kumbukirani kuti nyimbo zachikhalidwe monga La Bamba ndi La Llorona n'zosiyana ndi zimene anapeka anthu odziwika a posachedwapa. Consuelo Velázquez anamwalira mu 2005, ndipo nyimbo zake zili ndi eni. Funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, musanalowe mu situdiyo.

Pa zovala, suti ya charro imene a mariachi amavala ndi chovala chaulemu kwa eni ake. Chipewa chachikulu cha pepala ndi ndevu zojambula ndi makala zimasandutsa nyimbo za anthu kukhala sewero. Yunifolomu yanu ya kwaya kapena chitenje chimodzi chofanana n'zokwanira.

Tsiku loimba

Imani ngati uta, mabesi pakati kumbuyo kuti aliyense amve kugunda, matena ndi maalto mbali zawo ziwiri, primera ndi segunda kutsogolo moyandikana, malipenga kumapeto kumodzi. M'tchalitchi cha simenti ndi malata mawu amabwerera, ndiye "cha cha" amaphatikizana kukhala phokoso. Chepetsani liwiro ndi 10 ndipo mufupikitse manoti koposa. Pa mchenga ku Senga Bay ndi zosiyana: palibe khoma lobweza mawu, mafunde akulira kumbuyo, ndipo oimba amayamba kukuwa chifukwa sakumvana. Funani khoma kapena khonde loti likhale kumbuyo kwanu, thinanani mpaka zigongono zikhudzane, ndipo mphepo ikhale ikuchokera kumsana kuti inyamule mawu kupita kwa anthu.

Pakakhala maikolofoni awiri okha, imodzi ipite kwa mabesi, inayo kwa primera ndi segunda agawane. Masoprano ndi malipenga amamveka okha, besi ndiye amasowa panja. Wa besi aiyandikize pafupi ndi milomo, zala ziwiri, ndipo aimbe motsitsa. "Dum" amanenepa yekha. Maikolofoniyo ivekeni kasiponji kotchinga mphepo, kakasowa ngakhale sokosi yoyera imagwira ntchito. Noti yoyambira iperekedwe ndi munthu mmodzi, foni ili kukhutu, aing'ung'udze motsitsa, aliyense apeze yake mumtima, wotsogolera awerenge bala imodzi yathunthu ndi dzanja, mabesi alowe okha mabala awiri, apakati awiri ena, kenako malipenga.